Mpeni wapalamba wa ku Ulaya wa m'ma 1400: unali wotani, nanga wotsanzira wa lero ukufanana nawo mpaka pati?

Aliyense wokonda kuonera mavidiyo a amisiri osula pa YouTube kapena pa TikTok waona kuti masiku ano kwadzaza mipeni imene akuti ndi "ya ku Ulaya wakale". Uyu akuonetsa chimpeni chonyezimira chofika theka la mita, uyo akuonetsa kampeni kowonda ka chogwirira cha fupa, ndipo onse awiri akulumbira kuti wawo ndiye weniweni. Pamtengo napo mpodabwitsa: mipeni iwiri yooneka chimodzimodzi, wina wotchipa, wina wodula kangapo. Mafilimu ndiye amangowonjezera chisokonezo, chifukwa m'menemo munthu wa nthawi imeneyo akangosolola mpeni, dziwani kuti kugwa maliro.

Zimene akatswiri ofukula zakale anapeza m'nthaka zikunena zina. Nthawi tikukambayi ndi ya pakati pa 1300 ndi 1500, zaka zomwe mliri wa Black Death unapulula anthu ku Ulaya ndipo England ndi France ankangokhalira kumenyana. Tikhala kwambiri ku England, poti matope a mumzinda wa London anasunga umboni wochuluka.

Aliyense ndi mpeni wake

Munthu akaitanidwa ku chakudya, mpeni ankabwera ndi wake. Mwininyumba ankakonza tebulo, mchere, ndiwo za m'mbale zogawana ndi zibenthu za buledi wouma zimene aliyense ankaikapo nyama yake, koma mpeni unali palamba wa mlendo. Abambo ankaupachika pafupi ndi kachikwama ka ndalama, amayi pamodzi ndi makiyi. Ngakhale amonke anali nawo. Malamulo a Benedict Woyera, omwe nyumba zambiri za amonke zinkatsatirabe, amatchula mpeni pa zinthu zimene mkulu wa nyumbayo ayenera kupatsa mmonke aliyense, limodzi ndi lamba, singano ndi cholembera, ndipo amachenjeza kuti asagone nawo m'chiuno kuopa kudzicheka ali m'tulo.

Foloko yodyera kunalibe pamatebulo ambiri. Ku Italy inali itayamba kulowa m'nyumba za anthu olemera, koma ku England inachedwa zedi, moti Thomas Coryat, amene anaiona paulendo wake wa ku Italy mu 1608, anzake anamuseka atayamba kudyera foloko kwawo. N'chifukwa chake mpeni wodyera unali wosongoka: nsongayo ndi imene inkabaya nthuli m'mbale yaikulu n'kuibweretsa pa buledi, kenako zala zinkamaliza ntchito. Mpeni wapatebulo wansonga yozungulira unadzafala mafoloko atafala, ndipo ku France Mfumu Louis XIV inaletsa mipeni yosongoka mu 1669.

Mabuku ophunzitsa ana a mabwana ulemu wa patebulo amabwerezabwereza malangizo omwewo: osatokosa m'mano ndi mpeni, osaulowetsa m'kamwa, uyambe waupukuta usanatape nawo mchere. Lamulo likamabwerezedwa chonchi, ndiye kuti otokosa m'mano analipo ambiri ndithu.

Kunja kwa chakudya ntchito zake zinali zosawerengeka. Onani mlembi wa nthawiyo monga amajambulidwira m'mabuku olembedwa pamanja: kudzanja lamanja nthenga ya tsekwe, kumanzere kampeni. Kampeniko kankasongola nthengayo ikabuntha, kankapanikiza chikopa cholembapo kuti chisatukuke, ndipo akalakwitsa chilembo kankachipala inki isanalowerere.

Dzala la m'mbali mwa Thames

Kwa zaka mazana angapo anthu a ku London ankakulitsa malo awo polanda mtsinje wa Thames pang'onopang'ono. Ankamanga khoma la matabwa m'madzi, kutsogolo pang'ono kwa gombe lakale, n'kudzaza mpata wotsalawo ndi zinyalala za mumzinda. Matabwa akaola ankamanganso lina kutsogolo kwake. M'zinyalalazo munali nsapato zakutha, mbiya zosweka ndi mipeni yotayidwa. Popeza dothilo linali lonyowa chaka chonse ndipo mpweya sunkalowamo, zinthu zimene kwina zimaola msanga, monga chikopa ndi mtengo, zinasungika.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, nyumba zatsopano zisanamangidwe, akatswiri anafukula malo monga Baynard's Castle, Trig Lane, Swan Lane ndi Billingsgate. Zaka za khoma lililonse anazidziwa powerenga mizere ya m'matabwa ake, poti mtengo umawonjezera mzere umodzi pachaka, ndipo ndalama zachitsulo zotayika m'zinyalalamo zinathandiza kutsimikiza. Motero mpeni uliwonse unapatsidwa nthawi yake. Museum of London inasindikiza zotsatira zake mu 1987, ndipo mpaka lero amisiri ambiri otsanzira amayambira pa zojambula zimenezo.

Kufunika kwa dzalali n'kwakuti mipeni imene inasungidwa dala m'nyumba za mafumu ndi ya anthu ochepa, ya siliva ndi minyanga. Ya m'matope ndi ya ophika, osoka nsapato ndi ogulitsa nsomba. Yambiri ndi yaing'ono, chitsulo chake chosapitirira masentimita 15, yakuthwa mbali imodzi, msana wochindikala pang'ono n'kumapyapyala molunjika mpaka kodulira. Yopinda inalipo koma yowerengeka.

Sitilo anali wosowa

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwakukulu pakati pa mpeni wakale ndi wa lero, ndipo ndi maso simungakuone.

Sitilo ndi chitsulo chosakanikirana ndi kaboni pang'ono, chinthu chija chimapanga makala. Mu sitilo wa mipeni kaboni amakhala pakati pa theka la gawo ndi gawo limodzi pa magawo 100 alionse. Kaboniyo ndi amene amachititsa kuti chitsulo chikatenthedwa mpaka kufiira n'kuviikidwa mwadzidzidzi m'madzi kapena m'mafuta, chilimbe. Chitsulo chopanda kaboni, ngakhale muchiviike kangati, chimakhalabe chofewa: munola m'mawa, pofika masana chabuntha. Koma sitilo wongoviika kumene ndi wolimba mopitirira, sachedwa kuthetheka, choncho mmisiri amamutenthanso pamoto wochepa kuti abwezeko kulimbako pang'ono.

Ng'anjo zambiri za nthawiyo sizinkasungunula chitsulo mpaka kukhala madzi. Zinkatulutsa chibuluma chamabowomabowo, chosakanikirana ndi zotsalira za miyala, chimene ankachisula chili chotentha kuti afinye zonyansazo. Ndi njira yomweyi imene ng'anjo zadothi za makolo ku Kasungu ndi kumapiri a Aphoka zinkatsata. Chotuluka chambiri chinali chitsulo chofewa. Sitilo ankafuna luso ndi makala owonjezera, motero anali wodula. England inkaitanitsa chitsulo kuchokera kudera la Basque ku Spain ndi ku Sweden, ndi sitilo kuchokera kumayiko a Chijeremani. Ng'anjo zazikulu zosungunuliratu chitsulo zinafika ku Sussex, kummwera kwa England, m'zaka za m'ma 1490, nthawi tikukambayi ikutha.

Ndiye mmisiri ankasinira. Thupi la mpeni ankalisula ndi chitsulo chofewa, n'kutenga kachidutswa kowonda ka sitilo, kutentha zonse ziwiri mpaka zitayera mbuu, n'kuzimenya ndi nyundo kuti zigwirane, sitiloyo akhale mbali yodulira yokha. Ena ankaika sitilo pakati pa zitsulo ziwiri zofewa, ena ankamukulunga kunja, ndipo mipeni ina inali ya sitilo yekhayekha. Akatswiri amadziwa zimenezi podula kachidutswa ka mpeni wofukulidwa, kukasalaza n'kukayang'ana pa maikulosikopu.

Kusiyana kwa njirazi mwini mpeni ankakumva pakapita zaka. Wa sitilo wa m'mphepete ukanoledwa kwa nthawi yaitali, sitiloyo ankatha, n'kutsala chitsulo chosagwira kuthwa. Wa sitilo wa pakati unkadulabe ngakhale utaperepeseka n'kutsala kowonda. Kunola kunali kwa tsiku ndi tsiku, moti miyala yonolera yochokera ku Eidsborg ku Norway inkawoloka nyanja m'zombo n'kumagulitsidwa m'matauni a ku England. M'buku la masalimo lotchedwa Luttrell Psalter, la cha m'ma 1330, muli chithunzi cha anthu awiri akupukusa mwala waukulu wozungulira, wachitatu atagwiritsa mpeni pamwalapo.

Popeza kunalibe choyezera kutentha, mmisiri ankadalira mtundu wa chitsulo pamoto. Mipeni yofukulidwa ikusonyeza zotsatira zake: ina ndi yolimba bwino lomwe, ina inatuluka m'chipala isanalimbe n'komwe.

Njira ziwiri zoikira chogwirira

Njira yakale kwambiri amisiri amaitcha whittle tang. Kumbuyo kwa mpeni kumatsala mchira wowonda wosongoka umene umakhomeredwa m'chogwirira cha mtengo, fupa kapena nyanga, monga momwe khasu limalowera mumpini. Ndi yachangu, imasowa chitsulo chochepa, ndipo chogwirira chikang'aluka mwini wake amasema china.

Yachiwiri ndi scale tang. Mchirawo ndi wophwatalala, mulifupi mwake mofanana ndi chogwirira, ndipo mbali zonse ziwiri amaphatikako timatabwa kapena timafupa topyapyala n'kukhoma timisomali todutsa. Ku London njirayi ikuoneka m'zaka za m'ma 1300 ndipo pofika m'ma 1400 inali itafala kwambiri. Inapatsa amisiri mpata wokongoletsa: timisomali tamkuwa, tina tobooka pakati, timalata tamkuwa pamene chitsulo chikukumana ndi chogwirira, ndi kachipewa kumapeto. Mipeni yambiri ya m'khitchini zathu lero ikutsatabe kamangidwe kameneka.

Mtengo wokondedwa unali boxwood, wolimba, wachikasu ndi wosalala. Olemera ankafuna minyanga ya njovu, imene yambiri inkachokera ku Africa, ndipo mpaka lero chizindikiro cha bungwe la opanga mipeni la ku London chili ndi njovu.

Mpeni unkakhala m'chimake, thumba lachikopa cha mwana wa ng'ombe losokedwa kumbuyo, lomwe linkameza chitsulo chonse ndi mbali ina ya chogwirira kuti usagwe poyenda. Ngakhale a anthu wamba anali odindidwa kapena kuzokotedwa masamba, mbalame, zilombo ndi zishango zonga za mabanja achifumu.

Mpeni umodzi, amisiri anayi

M'mizinda ikuluikulu mpeni sunkatuluka m'manja mwa munthu mmodzi. Wina ankasula chitsulo, wina kukonza chogwirira, wina kusoka chimake, ndipo wachinayi, wotchedwa cutler, ankalumikiza zonse n'kugulitsa. Ku London bungwe la ma cutler linali ndi malamulo ake pofika 1344, ndipo Mfumu Henry V inalipatsa chikalata chachifumu mu 1416.

Wogula sakanatha kuona ngati m'kati muli sitilo kapena ayi, ndiye chinyengo chinali chapafupi. Mu 1365 Mfumu Edward III inalamula kuti osula malupanga ndi mipeni mu London aziika chizindikiro chawo pa ntchito yawo. Kachizindikiroko, monga nyenyezi, mwezi kapena chilembo, kankadindidwa pafupi ndi msana chitsulo chili chotentha, nthawi zina n'kudzazamo mkuwa. Pa mipeni yofukulidwa dzimbiri limakabisa, koma chithunzi cha X-ray chimakaonetsa.

London sinali yokha. Thaxted, tauni yaing'ono ya ku Essex, inatchuka ndi mipeni m'zaka za m'ma 1300. Ku Sheffield kaundula wa msonkho wa 1297 amatchula kale wopanga mipeni, ndipo chakumapeto kwa m'ma 1300 wolemba ndakatulo Geoffrey Chaucer anafotokoza za mwini chigayo wina woyenda ndi mpeni wa ku Sheffield atautsomeka m'chovala cha kumwendo. Kutsidya la nyanja kunali Nuremberg ndi Solingen ku Germany, Steyr ku Austria ndi Thiers ku France. Ena mwa malowa sanaleke ntchitoyi. Mpeni wopinda wa Okapi, umene ambiri kuno kummwera kwa Africa amaudziwa, unayamba kupangidwa ku Solingen mu 1902, ndipo fakitale yake inasamukira ku South Africa mu 1988.

Chida chantchito kapena chophera?

Mafilimu sakunama kotheratu. Pamene aliyense ali ndi mpeni m'chiuno ndipo mowa ulipo, mkangano sunkachedwa kusanduka maliro. Pulofesa Manuel Eisner wa ku yunivesite ya Cambridge anasanthula milandu 142 ya kupha anthu mu London, yolembedwa ndi ofufuza za imfa m'theka loyamba la zaka za m'ma 1300. Mipeni, yaitali ndi yaifupi, ndi imene inapha anthu ambiri kuposa chida china chilichonse, ndipo tsiku limene anthu ankaphana kwambiri linali Lamlungu.

Komabe mpeni wodyera ndi mpeni wankhondo zinali zinthu ziwiri. Wa asilikali wotchedwa rondel unali wochindikala ndi wosongoka, wopangidwira kubaya m'mipata ya zovala zachitsulo. Kudulira buledi sungakuthandizeni. Pakati pa ziwirizi panali mipeni ya uku ndi uku. Umodzi ndi ballock dagger, wa chogwirira chamtengo chokhala ndi timibulu tiwiri m'munsi, umene anthu wamba ndi mabwana omwe ankavala. Chombo cha Mfumu Henry VIII chotchedwa Mary Rose, chomwe chinamira pafupi ndi Portsmouth mu 1545 n'kuvuulidwa mu 1982, chinali ndi yoposa 60. Zitsulo zake zambiri zinadyeka ndi madzi amchere, zogwirira n'kutsala. Kumayiko a Chijeremani alimi ankayenda ndi Bauernwehr, mpeni waukulu wodulira, wosadzira ndi wodzitetezera.

Wotsanzira amatsanzira chiyani?

Ogula mipeni yotsanzira ndi osiyanasiyana. Alipo ochita masewero okumbukira mbiri, monga amene amasonkhana mwezi wa July ku Tewkesbury kukumbukira nkhondo ya 1471, kapena ku Grunwald ku Poland kukumbukira ya 1410. Amagona m'matenti, kuphika ndi kudya monga anthu a nthawiyo, ndipo pamisonkhano yotere mipeni yakuthwa imatsala kumsasa, m'bwalo la nkhondo mumalowa zida zobuntha. Palinso nyumba zosungira zinthu zakale zofuna chinthu choti ana asukulu agwire, opanga mafilimu, akatswiri ofuna kuyesa mmene chida chinkagwirira ntchito, ndi ongokonda mipeni basi.

Mpeni wotsanzira wambiri umapangidwa ndi sitilo wa kufakitale, wa manambala monga 1075, 1084 kapena EN45, wofanana kuyambira kunsonga mpaka kumchira ndiponso wopanda zotsalira za miyala. Ena amasula, ena amangodula chitsulo chophwatalala n'kuchipera pamakina. Kutentha amayeza ndi uvuni wamagetsi. Chotsatira chake n'chakuti wotsanzira wabwino nthawi zambiri amadula bwino ndi kukhalitsa kuposa mpeni wamba wa m'ma 1400. Wa sitilo wosachita dzimbiri ndiye wachoka patali, poti sitilo ameneyo anatulukiridwa ndi Harry Brearley ku Sheffield mu 1913.

Amisiri ochepa amapita patali. Amasaka chitsulo chofewa chakale m'magudumu a ngolo kapena m'maunyolo a zombo, ena amawumba ng'anjo n'kuyenga okha, kenako amaphatika sitilo m'mphepete pamoto. Ntchitoyi imatenga masiku, ndipo mpeni ukhoza kung'aluka pouviika. Kusiyana kwa mitengo kuja kwambiri kumachokera apa.

Ngakhale maonekedwe akunja ali ndi misampha yake. Mpeni wofukulidwa ndi wotha kale: unanoledwa zaka zambiri, dzimbiri n'kudyako, choncho woutsanzira mzere ndi mzere amapanga mpeni watsopano wooneka ngati wokalamba. Chikopa cha m'myuziyamu n'chakuda chifukwa cha matope, osati chifukwa choti chinasokedwa chili chotero. Chithunzi cha pa intaneti chimaonetsa mbali imodzi yokha, osaonetsa mmene msana ukupyapyalira kulowera kunsonga, n'chifukwa chake yotchipa yambiri imatuluka yochindikala, yolemera m'manja, yonoledwa kamzere kakang'ono m'mphepete mokha. Guluu wa epoxy, timisomali tofanana ndendende ndi chikopa chofufutidwa ndi mankhwala a chrome m'malo mwa makungwa a mtengo wa oak, zonsezi ndi za nthawi yathu.

Pa funso loti weniweni ndi uti, amisiri sagwirizana. Mbali ina imati mpeni wopanda chitsulo chakale ndi kasulidwe kakale wangovala malaya a wakale, ndipo sungatiphunzitse mmene unkabunthira kapena kupindikira. Mbali ina imati chimene dzanja limamva ndi kukula, kulemera ndi kupyapyala, ndiponso kuti mmisiri wa ku Thaxted akanapeza sitilo wa lero akanamulandira ndi manja awiri. Iwowa amawonjezera kuti mpeni wamba unali wotchipa, ndiye kuupanga kukhala chinthu cha olemera okha nakonso n'kusocheretsa mbiri. Katswiri woyesa kadulidwe ka chikopa ndi munthu wofuna chodulira tchizi kumsasa wa ku Tewkesbury sakufunsa funso limodzi. Wogulitsa wodalirika amatchula chofukulidwa chimene watsanzira, malo ndi zaka zake, mtundu wa sitilo, ndi pamene wasintha dala.

Wogula adziwenso kuti sitilo wa kaboni amada akadula anyezi kapena zipatso, ndipo amachita dzimbiri akasiyidwa wonyowa kapena akakhalitsa m'chimake chachinyezi. Kupukuta ndi kupaka kamafuta ndiye mankhwala ake.

Malamulo a lero

Chimene mu 1400 chinali chovala cha aliyense, lero chikhoza kukugonetsani m'chitokosi. Kwa abale okhala ku England ndi Wales, lamulo la Criminal Justice Act la 1988 limaletsa kuyenda pagulu ndi mpeni popanda chifukwa chomveka, kupatula wopinda wosakhoma umene mbali yake yodulira sipitirira mainchesi 3, omwe ndi masentimita 7.62. Mpeni wotsanzira wa m'chimake si wopinda, choncho ngakhale utakhala waung'ono, mwini wake ayenera kukhala ndi chifukwa choti khoti lingachimve, monga ntchito kapena ulendo wopita kumasewero a mbiri. Kugulitsa mpeni wotere kwa mwana wosafika zaka 18 ndi mlandu.

Zogwirira za minyanga nazo zinatsekedwa. Malonda a minyanga ya njovu pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 pansi pa CITES, pangano loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo Britain inakhwimitsa ndi Ivory Act ya 2018, yomwe inayamba kugwira ntchito mu June 2022. Otsanzira mipeni ya mabwana amagwiritsa ntchito fupa la ng'ombe kapena la ngamila.

Mipeni yeniyeni ikutulukabe m'matope a Thames madzi akaphwa, koma wofuna kukasaka m'gombemo ayenera kukhala ndi chilolezo cha Port of London Authority, ndipo akatola chinthu cha zaka zoposa 300 amayenera kukachionetsa kwa akatswiri a myuziyamu kuti chilembedwe m'kaundula.